Mitambo yobiriwira ndi yapepo ya ku Norway: utsi wa barium umayeza bwanji magetsi a kumwamba?

Funso: Ndimaphunzitsa Physics pa sekondale. Mwana wina wa Folomu 4 anandionetsa vidiyo pa foni: usiku ku Norway, kumwamba kukutuluka timadontho tabuluu ndi mitambo yobiriwira imene kenako inasanduka yapepo n'kuyamba kutalika. Pansi pake analemba kuti asayansi amathira mankhwala kumwamba poyeza magetsi. Ena m'kalasi akuti ndi poizoni, ena akuti ndi zamatsenga. Kodi utsi ungayeze bwanji magetsi? Magetsiwo achokera kuti kumalo kopanda mawaya? Nanga zimenezi sizikuwononga mpweya?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kusalitaya funso la mwanayo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vidiyoyo iyenera kuti ndi ya usiku wa pa 5 Epulo 2019, pamene maroketi awiri a NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, ananyamuka pa chilumba cha Andøya, kumpoto kwa Norway, motsatizana patangodutsa mphindi ziwiri. Ntchitoyo inkatchedwa AZURE ndipo ankaitsogolera Miguel Larsen wa ku Clemson University ku America. Maroketiwo anamwaza mankhwala pakati pa makilomita pafupifupi 115 ndi 250 kuchokera pansi: ena okhala ndi aluminium otchedwa TMA (trimethyl aluminium), ena osakaniza zitsulo za barium ndi strontium. Ngakhale anthu a kumeneko, amene anakula akuona aurora, kuwala kwachilengedwe kumene kumaoneka kumwamba usiku kumadera a kufupi ndi North Pole ndi South Pole, anadzidzimuka usikuwo, choncho ana anu sanalakwe kudabwa. Chimene ndikufuna kuti mukawafotokozere n'chakuti mtambowo ndiwo chipangizo choyezera, ndipo muyeso wake umawerengedwa pa kayendedwe kake. Kumene mtambo wobiriwira walowera ndiye kumene mphepo ikupita. Kumene wapepo walowera ndiye kumene magetsi akukankhira.

Tiyambe ndi komwe magetsiwo amachokera. Kuyambira pa makilomita 80 kapena 90 kupita m'mwamba, mpweya ndi wopyapyala kwambiri, ndipo kuwala kwa ultraviolet ndi kwa X-ray kochokera kudzuwa kumathothola maelekitironi pa maatomu ena. Atomu yothotholedwa chonchi imatsala ndi chaji ya positive, ndiyo timaitcha ion. Chigawo chonsechi ndicho ionosphere, ndipo popeza muli maelekitironi ndi ma ion oyenda paokha, magetsi amadutsamo. Kutali kwambiri kumwamba kwake kumawomba mphepo ya dzuwa, yomwe ndi tizidutswa tokhala ndi chaji tothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi, titanyamulanso maginito a dzuwa. Mumaphunzitsa kale kuti waya akamadula mizere ya maginito pamabadwa voltage. Mphepo ya dzuwa ikamadutsa pa maginito a dziko zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti jeneretayo ndi yaikulu kuposa dziko lenilenilo. Kufupi ndi North Pole ndi South Pole mizere ya maginito imaima chilili, imalowa pansi pafupifupi molunjika, ndipo nsonga zake zina zimafika kutali kumene mphepoyo ikuwomba. Voltage ija imatsika motsata mizereyo n'kudzafika mu ionosphere. James Dungey ndi amene anafotokoza mu 1961 mmene maginito a dzuwa amalumikizirana ndi a dziko kuti zimenezi zitheke.

Mukayeza kuchokera mbali ya m'bandakucha ya chigawo cha pole kufika mbali ya madzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000, mumapeza ma volt masauzande makumi angapo, ndipo dzuwa likalusa amapitirira 100,000. Nambalayo imaoneka yoopsa mpaka mutaigawa. Ma volt 60,000 pa makilomita 3,000 ndi ma millivolt 20 okha pa mita imodzi. Imeneyi ndiyo electric field imene anthu akhala akuisaka, ndipo vuto lonse lagona pa kuchepa kwakeko.

Pansi pano, tsiku lopanda mitambo, mpweya uli kale ndi electric field ya ma volt pafupifupi 100 pa mita, imene imasungidwa ndi mabingu a padziko lonse. Imeneyi ndi yaikulu kasauzande kangapo kuposa ya kumwamba ija, ndipo imasinthasintha ndi fumbi, utsi ndi nyengo. Kuima pabwalo ndi chipangizo n'kumayembekezera kumva ya ku ionosphere n'kudzivutitsa. Mungathe kutumiza roketi kapena setilaiti yokhala ndi ndodo ziwiri zotambasuka n'kuyeza voltage pakati pa nsonga zake, ndipo njira imeneyi imagwiritsidwadi ntchito mpaka lero. Koma chombocho nachonso ndi chitsulo chodula mizere ya maginito. Setilaiti yothamanga makilomita 7.5 pa sekondi pamwamba pa pole imadzipangira yokha ma millivolt pafupifupi 350 pa mita, ndipo muyenera kuchotsera amenewo kuti mutsale ndi 20 amene mukufuna. Mukaphonya pang'ono podziwa mmene chombocho chapendekekera, yankho lonse lasokonekera. M'zaka za m'ma 1960, pamene zipangizo zoterezi zinali zisanakhwime, panafunika njira ina yosadalira chombo chothamanga.

Mlenje akafuna kudziwa kumene mphepo ikulowera amawaza phulusa pang'ono n'kuyang'ana. Mphepoyo saiona, amaona chimene yanyamula. Anthu a ku ionosphere anaganiza chimodzimodzi: timwaze chinthu chooneka chimene magetsi angachinyamule, ife tikhale pansi ndi makamera.

Chinthu choterocho chiyenera kukwaniritsa zinthu zitatu nthawi imodzi, ndipo barium ndi imene inapezeka kuti imakwanitsa zonse. Iyenera kusanduka nthunzi mosavuta. Barium amaisakaniza ndi copper oxide m'kachitini, roketi ikafika pamalo oyenera kachitiniko kamayatsidwa, gawo lina la barium limapsa ndi copper oxide, ndipo kutenthako kumawiritsa yotsalayo n'kuitulutsa ngati nthunzi. Ndi gawo lochepa chabe la katundu yense limene limatulukadi ngati maatomu oyenda paokha, koma limakwana. Iyeneranso kusanduka ion mwamsanga. Barium ikakhala padzuwa imataya elekitironi imodzi mosavuta, moti pakatha masekondi pafupifupi 30 maatomu oposa theka amakhala atasintha. Chachitatu ndicho chosowa kwambiri: ion yakeyo iyenera kuoneka ndi maso kuchokera pansi. Zitsulo zambiri zikasanduka ion zimawala mu ultraviolet, kuwala kumene mpweya wapansi umameza. Sodium, imene anayamba kuimwaza ku New Mexico mu 1955, imaonetsa mtambo wachikasu wokongola, koma umenewo ndi wa maatomu opanda chaji, ion ya sodium sioneka. Barium imaoneka mbali zonse ziwiri, komanso m'mitundu yosiyana. Isanataye elekitironi imawala mobiriwira, ndi mafunde a kuwala otalika ma nanometre 553.5. Ikataya imawala mwa buluu wopita ku pepo, makamaka pa 455.4.

Ndiye tangoganizani zimene mwana uja anaona. Kachitini kaphulika pa makilomita 200 kapena kuposa. Poyamba pamatuluka mpira wobiriwira, umakula mozungulira mbali zonse mofanana chifukwa maatomu opanda chaji sadziwa kanthu za maginito. Mkati mwake mumayamba kubadwa mtundu wa pepo. Wapepoyu sakhala wozungulira, amatalika n'kukhala ndodo yopendekeka, ndipo kupendekekako ndi kwa mzere wa maginito a dziko pamalopo, umene munthu amauona ndi maso ake kwa nthawi yoyamba. Kenako awiriwa amasiyana. Wopanda chaji amapita ndi mphepo, ndipo popeza barium yake imatha msanga, amathirako strontium imene imachedwa kusanduka ion ndipo imapitiriza kuwala mwa buluu n'kumalondola mphepoyo. Wapepo amatenga njira yake, nthawi zina mothamanga kwambiri, nthawi zina kulowera kumene mphepo ikuchokera. Pa zonse zimene ndinaphunzira m'gawo limeneli la sayansi, palibe chimene chimandikhudza ngati kusiyana kwa mitambo iwiriyi, chifukwa mphamvu ziwiri zosaoneka zimadzionetsa poyera pamaso pa aliyense amene wayang'ana kumwamba.

Chifukwa chake ion imayenda chonchi n'chimene ana anu a Folomu 4 angathe kuchimva. Chinthu chokhala ndi chaji chikamayenda mu maginito chimakankhidwira m'mbali, motero chimazungulira mzere wa maginito. Ion ya barium imazungulira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi, pa bwalo la mamita 10 kapena 20. Kutsetsereka motsata mzerewo palibe choiletsa, n'chifukwa chake mtambo umatalika, koma kudumpha kupita pa mzere wina n'kovuta. Tsopano onjezerani electric field yopingasa mzerewo. Pa theka lina la bwalo ion imakankhidwa n'kuwonjezera liwiro, pa theka linalo imabwezedwa n'kuchepetsa. Pamene ikuthamanga imakhota motakasuka, pamene yachedwa imakhota mopanikizika, choncho bwalo silitsekeka pamene linayambira. Ulendo uliwonse imasunthira m'mbali pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti sisunthira kumene electric field ikuloza, imasunthira kumbali yopingasa zonse ziwiri, electric field ndi maginito omwe.

Liwiro la kusunthaku ndi E (mphamvu ya electric field) kugawa ndi B (mphamvu ya maginito), basi. Kulemera kwa ion sikulowamo, chaji yake silowamo. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya njira yonseyi: pa muyeso wa kulemera kwa maatomu, ion ya barium imalemera 137 pamene ya okosijeni, imene yadzaza kumeneko mwachilengedwe, imalemera 16, koma zonse zimayenda liwiro limodzi kulowera kumodzi, pamodzi ndi maelekitironi omwe. Mukaona barium mwaona ionosphere yonse ya pamalopo ikuyenda. Mphamvu ya maginito kumeneko imadziwika bwino, ndi pafupifupi 0.00005 tesla. Ngati mtambo wapepo wayenda makilomita 36 m'mphindi imodzi, ndiye kuti liwiro ndi mamita 600 pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi 0.00005 mumapeza 0.03 volt pa mita, omwe ndi ma millivolt 30. Kumaiko a kumpoto monga Norway maginito amaloza pansi, choncho mtambo wolowera kumadzulo ukutanthauza electric field yoloza kumpoto.

Pali malire a msinkhu. Kutsika pansi pa makilomita 150 mpweya umayamba kuchuluka, ion imagundana ndi mamolekyu kawirikawiri ndipo mphepo imayamba kuikoka. Ndiye pofuna kuyeza magetsi amamwaza pamwamba, cha pa 200 kupita m'mwamba, pamene ion imazungulira kangapo isanasokonezedwe. Kumunsi kuja ndi kwa TMA, imene imangolondola mphepo. TMA ikakumana ndi maatomu a okosijeni imawala yokha motuwira, choncho imagwira ntchito ngakhale usiku weniweni.

Barium siwala yokha. Imalandira kuwala kwa dzuwa n'kukutulutsanso, ndipo imafunanso dzuwalo kuti isanduke ion. Choncho mtambo uyenera kukhala padzuwa pamene munthu wapansi ali mumdima, ndipo zimenezi zimatheka kachisisira kapena m'bandakucha basi. Dzuwa likamira madigiri 12 kuseri kwa dziko, mthunzi wa dziko pamwamba pa mutu wanu umafika makilomita pafupifupi 140, pamwamba pake kukadali masana. Makamera amaikidwa malo awiri kapena atatu otalikirana makilomita ambiri, nthawi zina ngakhale m'ndege. Kamera iliyonse imajambula mtambo pamodzi ndi nyenyezi zakumbuyo kwake, ndipo popeza malo a nyenyezi iliyonse amadziwika ndendende, amapeza mbali imene kamerayo inaloza. Pamene mizere ya makamerawo ikukumana ndi pamene pali mtambo. Akabwereza pa chithunzi chilichonse amapeza njira yonse imene wayenda. Ntchito yaikulu, kunena zoona, ndi kudikira. Pamafunika kuti kukhale kopanda mitambo pa malo onse a makamera nthawi imodzi, mphepo yapansi ikhale yololera roketi, ndipo aurora ikhale pamene ikufunika. Magulu amatha milungu akuwerengera nthawi usiku uliwonse n'kuimitsa, ndipo AZURE yomweyi inalephereka mu 2018 chifukwa cha nyengo.

Mbiri yake inayambira ku nyenyezi za mchira. Mu 1951 Ludwig Biermann wa ku Germany anaona kuti michira ya ma ion ya nyenyezi zimenezi imakankhidwa mwamphamvu kuposa mmene kuwala kokha kungakankhire, ndipo ananena kuti payenera kukhala tizidutswa tochoka kudzuwa nthawi zonse. Reimar Lüst ndi gulu lake ku Max Planck Institute ya ku Garching, pafupi ndi Munich, anafuna kupanga nyenyezi ya mchira yochita kupanga kuti aone zimenezi pafupi. Anayamba kuyesera zitsulo zosiyanasiyana ndi maroketi a ku France ku Hammaguir, m'chipululu cha Sahara ku Algeria, ndipo mu 1964 anapeza mtambo wa ma ion a barium wooneka bwino. Posakhalitsa anazindikira kuti m'manja mwawo muli choyezera electric field, ndipo Gerhard Haerendel ndi mmodzi wa amene anakonza masamu ake. Nyenyezi ya mchira ija inadzatheka patapita zaka 20, pa 27 Disembala 1984, pamene setilaiti ya ntchito ya AMPTE inamwaza barium mu mphepo ya dzuwa yeniyeniyo.

Mu 1967 njirayi inafika kumene kuli aurora. Gulu la ku Garching linamwaza ku Kiruna, kumpoto kwa Sweden, ndipo gulu la NASA la James Heppner, John Stolarik ndi Eugene Wescott linamwaza ku Andøya. Mu 1969 gulu lomwelo la NASA linapita ku Cape Parry, kumpoto kwenikweni kwa Canada, kuti lilowe m'kati mwa chigawo cha pole. Zimene anapeza zinathetsa mikangano ingapo yakalekale. Pamwamba pa pole ionosphere imayenda kuchoka mbali ya dzuwa kulowera mbali ya usiku, ndipo imabwerera kudzera m'mphepete, m'lamba wa aurora: madzulo imalowera kumadzulo, m'mawa imalowera kum'mawa. Ndi magudumu awiri aakulu ozungulira mosemphana, monga mmene Dungey ndi ena ananenera. Liwiro lake ndi mamita mazana angapo pa sekondi, nthawi zina kupitirira kilomita imodzi kapena awiri. Cha pakati pa usiku pali malire pamene kayendedwe kamatembenuka, ndipo Heppner anawatcha dzina la Leiv Harang wa ku Norway amene anawaona kale m'miyeso ya maginito.

Anapezanso chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu koposa. Kwa zaka zambiri makina oyezera maginito apansi ankaonetsa kuti pa makilomita 100 mpaka 120 pamadutsa current yamphamvu yotsata lamba wa aurora, yotchedwa electrojet. Mitambo ya barium inkayenda motsata lamba yemweyo koma kulowera mbali yosemphana ndi current. Tanthauzo lake n'lakuti pa msinkhu umenewo ma ion amagwidwa ndi mpweya wochuluka, pamene maelekitironi, opepuka ndi ozungulira msanga, amapitiriza kusuntha momasuka. Maelekitironi akamapita kumadzulo current imawerengedwa kuti ikupita kum'mawa. Imeneyi ndi Hall current. Koma m'kati mwa chigawo cha pole zinthu sizinagwirizane: mbali imene mitambo inkaloza sinkafanana ndi imene makina apansi ankaonetsa. Heppner ndi anzake ananena kuti kusintha kwa maginito kumeneko sikungachokere pa Hall current ya pamutu yokha, payenera kukhala ina yotsika ndi kukwera motsata mizere ya maginito. Kristian Birkeland ananena zimenezi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 ndipo akatswiri ambiri anamukana kwa zaka pafupifupi 50. Masetilaiti a m'ma 1970 anadzajambula bwino ma current amenewa, ndipo lero amatchedwa dzina lake.

Njirayi ili ndi zofooka zake ndipo sindizibisa. Chachikulu n'chakuti mtambo umasintha malo amene ukuyeza. Ukakhala waukulu ndi wothithikana umapititsa magetsi bwino kuposa mpweya wouzungulira, chaji imaunjikana m'mbali mwake, ndipo electric field ya mkati imatsika. Mtambo woterowo umayenda mochedwerapo n'kupendekera kumene mphepo ikupita, ndipo mukaukhulupirira mumapeza nambala yochepa kuposa yeniyeni. N'chifukwa chake woyeza wosamala amakonda timitambo ting'onoting'ono tambiri kusiyana ndi umodzi waukulu wokongola. Pakapita mphindi zingapo mbali imodzi ya mtambo imang'ambika n'kukhala mizeremizere yoimirira, ndipo kuyambira pamenepo kumavuta kunena kuti pakati pake ndi pati. Kung'ambikaku kunasanduka phunziro palokha, chifukwa ionosphere yachilengedwe imang'ambikanso motero ndipo ndi zimene zimasokoneza mawailesi ndi GPS kumadera a pole. Kuwonjezera apo, muyeso umakhala wa mphindi zochepa, pa nthawi ziwiri zokha za tsiku, pamalo amodzi, ndipo roketi ndi yodula.

M'zaka za m'ma 1970 ena anapita patsogolo. M'malo moilola nthunzi kufalikira yokha, anaika barium m'kati mwa bomba loumbidwa mwapadera limene limaiponya ngati muvi pa liwiro la makilomita 10 pa sekondi kapena kuposa, kulozetsa m'mwamba motsata mzere wa maginito. Zimenezi zinachitika ku Alaska ndi ku Greenland. Ma ion ankakwera makilomita masauzande, akujambula mzerewo kumwamba, ndipo nthawi zina pamwamba pa aurora ankawonjezera liwiro mwadzidzidzi. Chowakankha m'mwamba chinali electric field yotsata mzere wa maginito, imene ambiri ankati singakhaleko. Field yomweyo imene imakankhira ion m'mwamba ndi imene imaponya maelekitironi pansi kuti adzagunde okosijeni ndi nayitirojeni n'kuyatsa aurora.

Masiku ano kuyeza kwa tsiku ndi tsiku kuli m'manja mwa maradar ndi masetilaiti. Radar ya EISCAT ya ku Tromsø, ku Norway, inayamba kugwira ntchito mu 1981, maradar a SuperDARN azungulira ma pole onse awiri, ndipo masetilaiti a Swarm a ku Ulaya akhala akuzungulira kuyambira 2013. Komabe maroketi a barium sanathe, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kutentha kumene magetsi amathira mumpweya wakumwamba kumadalira kusiyana kwa liwiro la ma ion ndi liwiro la mphepo, popeza kukhulana kwa ziwirizi ndiko kumatenthetsa. Kuyeza mphepo pa misinkhu imeneyi n'kovuta kwambiri: baluni safikako, setilaiti singakhaleko nthawi yaitali. Kachitini kamodzi ka barium ndi strontium kamapereka zonse ziwiri pamalo amodzi, nthawi imodzi, pa chithunzi chimodzi. Setilaiti ya ku Germany yotchedwa CHAMP inapeza kuti pa makilomita pafupifupi 400, pamalo otchedwa cusp pamene mphepo ya dzuwa imalowa mwachindunji, mpweya ndi wochuluka kamodzi ndi theka kapena kuposa poyerekeza ndi malo oyandikana nawo. Pofuna kudziwa chimene chimaukweza, Mark Conde wa ku University of Alaska Fairbanks anatsogolera maroketi a CREX kuchokera ku Andøya mu Novembala 2014 ndi mu Disembala 2021, iliyonse ikumwaza timachitini tambiri tofalikira pa dera lalikulu. Ku Kiruna nako anamwazanso barium mu Marichi 2023. Phindu lake si la m'mabuku okha. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti 49 a Starlink, mkuntho wa maginito wosakula kwenikweni unatenthetsa mpweya wakumwamba n'kuufufumitsa, ndipo 38 anakokedwa n'kugwa.

Tifike pa nkhani ya poizoni, chifukwa ana amene akufunsa zimenezi akufunsa bwino. Pansi pano mankhwalawa ndi oopsa kwa owagwira. TMA imayaka yokha ikangokhudzana ndi mpweya, ndipo mchere wa barium wosungunuka m'madzi ndi poizoni weniweni. Koma barium yomweyo, ikakhala barium sulphate yosasungunuka, ndi imene amamwetsa odwala kuchipatala asanajambule m'mimba ndi X-ray. Barium ndi imenenso imapereka mtundu wobiriwira m'makombola a pa chaka chatsopano, pamene strontium imapereka wofiira. NASA imanena kuti zimene roketi yotere imamwaza n'zochepa kuposa zimene zimaphulitsidwa pa chionetsero chimodzi chachikulu cha makombola, ndipo makombola amaphulika pamwamba pa mitu ya anthu pamene izi zimamwazidwa pa makilomita oposa 100, kuposa kakhumi msinkhu umene ndege zimauluka. Mtambo umaoneka waukulu, makilomita makumi angapo, chifukwa kumeneko kulibe mpweya woupanikiza, koma maatomu ake ndi otalikirana kwambiri. TMA ikapsa imasiya aluminium oxide, carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi. Komanso tsiku lililonse fumbi la miyala ya m'mlengalenga lolemera matani ambiri limapsera pa misinkhu yomweyi n'kusiya chitsulo, magnesium ndi sodium. Kale, makamaka pa zoyesera za asilikali m'ma 1960 ndi 1970, kunkamwazidwa barium yochuluka kwambiri kuposa ya masiku ano, ndipo n'koyenera kuti anthu azifunsa kuti ndani akumwaza chiyani, chochuluka bwanji. Koma pa zimene mwana uja anaona, palibe chimene chingafike m'chitsime kapena m'mapapo a munthu mochuluka moti n'kumuvulaza.

Kuno kwathu mitambo yotereyi sitidzaiona, tili kutali ndi lamba wa aurora ndipo mizere ya maginito imatidutsa mopendekeka. Koma mbali yakumwera ya jenereta yomweyi ikuyang'aniridwa kuchokera ku Africa. South Africa ili ndi siteshoni ya SANAE IV ku Antarctica, ndipo kumeneko kuli radar ya SuperDARN imene imayeza kusuntha komweku kwa E kugawa ndi B, polondola timagulu ta maelekitironi tachilengedwe m'malo mwa barium. Ali ndi chifukwa chochitira zimenezi: mikuntho ya maginito ya Okutobala 2003 itadutsa, matransifoma akuluakulu angapo ku South Africa anawonongeka, ndipo mu Meyi 2024 aurora inaoneka mpaka ku Western Cape m'dzikomo. Mukafuna kuona ngati ana amvadi, apatseni chitsanzo cha makilomita 36 chija n'kuwauza kuti tsopano mtambowo wamwazidwa pamwamba pa SANAE IV, pamene mizere ya maginito imaloza m'mwamba. Electric field ikhale yomweyo, ma millivolt 30 pa mita kuloza kumpoto. Liwiro lisinthako chifukwa maginito a kumeneko ndi ofookerapo kuposa a ku Andøya, koma funso lenileni ndi la mbali, ndipo amene agwiritsa bwino zala zake polondola mbali za E ndi B apeza kuti mtambowo ulowera kum'mawa.